Mwana amuone kaye pabwalo asanamusiye

Nyengo ya masewero a sukulu, aja a Jogos Escolares, ikayandikira, aphunzitsi a ku Mongue ndi madera ena a boma la Milange amakhala ndi ntchito yowawa. Anyamata ofuna kumenya mpira amadzaza bwalo, koma olowa m'timu ndi 11 basi, kuphatikizapo ochepa odikira panja. Mpikisanowu umayambira m'boma, opambana napita ku chigawo, kenaka kukakumana ndi dziko lonse, motero mwana aliyense amafuna dzina lake limveke. Ena ayenera kutsala ndithu. Nkhani yagona pa kasiyidwe kake.

Mbiri ya Eusébio ndi phunziro kwa onse osankha. Iyeyu adabadwa mu 1942 ku Mafalala, mu mzinda wa Lourenço Marques umene lero ndi Maputo, ndipo adakulira mpira wachikulunga wopanda nsapato. Atapita kukapempha malo ku timu ya Desportivo, imene ankaikonda, adambweza osamupatsa ndi mpata womwe woonetsa luso lake. Timu ya Sporting ya mu mzinda momwemo ndiyo idamulandira. Mu 1960 adapita ku Benfica, mu 1965 adalandira Ballon d'Or, ndipo mu 1966 adagoletsa zigoli 9 pa mpikisano wa dziko lonse ku England, kuposa wina aliyense. Amene adambweza aja sadaone kanthu chifukwa sadayang'ane n'komwe.

Tsono mphunzitsi asasankhe ali mu ofesi. Ana onse amenye mpira pamaso pake, osati tsiku limodzi lokha, popeza wina amabwera atachokera kumunda m'mimba muli zii, wina malungo atangomsiya dzulo. Osankha akhale awiri kapena atatu, kuti mwana wa amfumu kapena mphwake wa aphunzitsi alowe ndi miyendo yake. Zaka ziyang'anidwe pa chikalata chobadwira, chifukwa wandevu akalowa m'timu ya ana, wabera mwana weniweni malo.

Ndiye pali kauzidwe kake. Kuwerenga maina pagulu, otsalawo n'kuwasiya anzawo akuwawowoza, kwachotsa ana ambiri pabwalo mpaka kalekale. Wotsala amuitanire pambali namuuza chimene chaperewera: kaya ndi mpweya, kaya mwendo wamanzere, kaya kukakamira mpira yekha. Chimene wauzidwa angathe kuchikonza, koma akangomva kuti sakutha, palibe pogwira. Sukulu ikhalenso ndi timu yachiwiri yosewera ndi midzi yoyandikana, pakuti mwana wa zaka 13 wooneka wochepa lero amadzakhala atatalika chaka chamawa.

Makolo nawonso asathamangire kwa aphunzitsi ndi mkwiyo kapena ndi nkhuku m'manja. Afunse chifukwa chake, kenaka amulole mwanayo kubwerera kubwalo akaweruka. Paja akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.