Lenzi yokokera zakutali: kutalika si kupambana

Chiyambire chaka cha 2022, pamene njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, nkhani ya nyama zolowa m'minda yakhala pakamwa pa alimi mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia. Mlangizi wokapereka lipoti amafuna chithunzi ngati umboni, koma njovu siyandikiridwa. Apa mpamene pamafunika lenzi yokokera zakutali, diso la kamera limene munthu amalipotokola kuti chinthu chakutali chioneke pafupi.

Ogula ambiri amathamangira lenzi yaitali koposa, kenaka n'kupeza kuti ndalama za gulu zalowa m'madzi. Chofunika ndi kumvetsa manambala awiri olembedwa pa lenziyo.

Nambala yoyamba, monga 70-300mm, imanena mphamvu yokokera. Pa ntchito ya kumunda, 300mm ndi yokwanira. Pa makamera a Nikon a mtundu wa DX imaonetsa ngati 450mm, ndipo pa a Canon a APS-C ngati 480mm.

Yachiwiri, yoyamba ndi chilembo cha f, imanena kuwala kolowa. Nambalayi ikachepa, kuwala kumachuluka: f/2.8 imalowetsa kuwala kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi f/5.6. Izi zimathandiza madzulo ndi m'bandakucha, nthawi imene nyama zimayenda. Komabe lenzi ya 70-200mm f/2.8 ndi yokwera mtengo kwambiri ndipo yambiri imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, pamene ya 70-300mm imalemera theka lake kapena kucheperapo. Kwa mlangizi woyenda pa njinga, yopepukayo ndi imene idzafike kumunda tsiku ndi tsiku.

Lenzi yaitali imakulitsanso kunjenjemera kwa manja, chithunzi n'kutuluka chachimbuuzi. Choncho wogula afunefune zilembo IS pa Canon kapena VR pa Nikon, zosonyeza kuti lenziyo imachepetsa kugwedera. Zimenezi zimathandiza dzanja lokha. Nyama yothamanga siziimitsa.

Asanapereke ndalama, wogula ailumikize lenziyo pa kamera yake ndi kujambula, pakuti ngakhale kampani imodzi ili ndi polumikizira posiyanasiyana: ya Canon RF silowa pa kamera ya EF. Ikakhala yogwiritsidwapo kale ntchito, aiwalitse ndi tochi. Timizere tonga ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi ndi nkhungu yobwera ndi chinyezi cha nyengo ya mvula. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lenzi imakoka chithunzi, koma siteteza wojambula, ndipo mu mdima wa usiku palibe lenzi imene ingathandize. Mapazi a njovu ndi chimanga chopondedwa, zojambulidwa m'mawa ngakhale pa foni wamba, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la mudzi, nazonso ndi umboni. Palibe chithunzi choposa moyo wa wojambula.