Mwana alowe m'kalasi, mapepala abwere pambuyo

Ndimasoka zovala ku Johannesburg, ndipo Januwale aliyense ndimaona amayi anzanga ochokera ku Malawi akuzungulira masukulu atakumbatira mafayilo apulasitiki. Kalaliki amafuna setifiketi yakubadwa, khadi la katemera ndi chilolezo chophunzirira. Koma kuti chilolezocho chituluke, pamafunikanso kalata yosonyeza kuti sukulu yamulandira mwanayo. Mayi amangopita uku ndi uku, ganyu n'kumudutsa, mwana ali khale pakhomo.

Zimenezi n'zosayenera ndipo zimandipweteka mtima. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limapereka ufulu wa maphunziro oyambirira kwa aliyense, osati nzika zokha. Mu Disembala 2019, khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asabwezedwe pasukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala, ndipo kalata yolumbira ya kholo ikhoza kulowa m'malo mwake.

Makolo anzanga, akakukanizani musabwerere mwakachetechete. Apempheni akulembereni chifukwa chake, kenako mukadandaule ku ofesi ya maphunziro ya m'dera lanu. Nawo akuluakulu a boma kwathu afulumizitse mapasipoti a ana okhala kunja. Mwana sanasankhe yekha kuwoloka malire, choncho asalangidwe ndi umbuli.