Netiweki ikavuta, idikire ndi ntchito, osati munthu

Pa doko la Swang'oma, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ku Phalombe, matemba sadikira munthu. Wogula akati watumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, msodzi amagwirabe dengu lake, maso ali pa foni, mpaka uthenga ulowe. Netiweki ikavuta, dzuwa limakwera malonda ataima.

Opanga mapulogalamu a kompyuta ali ndi njira yochepetsera kudikira kotere, yomwe amaitcha task queue. Imafanana ndi za kuchigayo: mayi amasiya thumba lake pa mzere, n'kupita kukagula ndiwo, pobwera n'kupeza ufa. Pulogalamu imalandira pempho, imapereka nambala ya risiti pompopompo, kenako imaika ntchitoyo pa mzere. Kuseri, mapulogalamu ena amatola ntchitozo imodziimodzi, ndipo ikakanika amayesanso pakapita kanthawi. Zida zake, monga Celery ndi RabbitMQ, n'zaulere.

Dziko lino linaona kale zomwe zimachitika njirayi ikasowa. Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, chiphaso cha unzika chimayenera kutsimikizidwa pa intaneti mlimi ali chiimire. Netiweki ikagwa, anthu amagona pa depoti, feteleza ali m'nyumba momwemo, mvula ikugwa kumunda. Ndi nkhanza imeneyo, ngakhale palibe amene anaifuna.

Ku zaumoyo kuli chitsanzo chabwinoko. Pulogalamu ya DHIS2, yomwe Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito, imalola wogwira ntchito kulemba pa foni popanda intaneti, zolembazo n'kudzapita zokha netiweki ikabwerera. Ku boma ngati Phalombe, komwe namondwe wa Freddy anadula misewu ndi magetsi mu 2023, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Zoona, mzere uli ndi ngozi zake. Ntchito yobwerezedwa mosasamala ingadule munthu ndalama kawiri, kapena wina n'kutenga matumba a feteleza m'madepoti awiri. Mankhwala ake ndi odziwika: ntchito iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake kuti isachitike kawiri, ndipo mwini wake auzidwe pa uthenga ngati yatheka kapena yakanika.

Boma ndi makampani, musanalandire pulogalamu yatsopano kwa akatswiri a ku Lilongwe kapena Blantyre, kaiyeseni kaye ku Swang'oma nthawi ya dzinja.