Filosofi si thumba la miyambi

Pali mabodza awiri amene amanenedwa za filosofi. Loyamba ndi lakuti filosofi ndi masewera a anthu okhuta, ophunzira mopyola muyeso, osowa chochita. Lachiwiri ndi lokoma m'khutu: lakuti ife Aafirika filosofi yathu tili nayo kale yathunthu, inasungidwa m'miyambi ndi m'liwu limodzi lija, umunthu, moti chotsala n'kumangolitchula pamisonkhano. Bodza loyamba limanyoza filosofi poyera, choncho silivuta kuligwira. Lachiwiri limaipha uku likuiombera m'manja, ndipo ndi limene ndikufuna kulimbana nalo.

Tiyambe ndi tanthauzo. Liwuli linachokera ku Chigiriki ndipo limanena za kukonda nzeru. Omasulira ena amati "nzeru zakuya", ena amati "nthanthi". Vuto la mayina awiriwa ndi lakuti amaonetsa filosofi ngati katundu woti munthu angamusunge m'nkhokwe, chonsecho filosofi ndi ntchito. Ndi ntchito yotenga mawu amene timayendetsera moyo, monga chilungamo, choonadi, ufulu ndi munthu, n'kuwafunsa kuti akutanthauza chiyani kwenikweni. Kenako kupereka zifukwa za yankho lako, n'kulola mnzako kuti azigwedeze zifukwazo aone ngati zili zolimba. Pamene kutsutsa kwaletsedwa, filosofi palibe, ngakhale mawu olankhulidwawo atakhala okongola chotani.

Taganizirani Mmalawi wosamalira maluwa ku Constantia kapena wophika mu lesitilanti ku Sea Point, amene amagona ku Imizamo Yethu kapena ku Masiphumelele. Mwezi ukatha, foni siileka kulira: sukulu fizi ya mwana wa mlongo wake, feteleza wa mayi, maliro a kuchimuna. Lendi nayo ikudikira. Akafunsa miyambi, wina umuuza kuti mutu umodzi susenza denga. Wina umuuza kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Miyambi iwiri yonseyi ndi ya makolo, yonse ndi yoona, koma ikumukokera mbali zosiyana. Asanapite pa Mukuru ayenera kudziyankha yekha: udindo wanga kwa abale umathera pati? Kodi kukana lero kuti ndidzathe kuthandiza chaka chamawa ndi umbombo? Amene akulingalira zimenezi akuchita filosofi, ngakhale sanapondeko pakhomo la yunivesite. Miyambi yamupatsa zipangizo, koma nyumba amanga yekha.

Mkangano umenewu si wa lero. Mu 1945 wansembe wa ku Belgium, Placide Tempels, anatulutsa buku lofotokoza filosofi ya anthu onse olankhula zinenero za Chibantu ngati kuti onsewo amaganiza ndi mutu umodzi. M'zaka za m'ma 1970 Paulin Hountondji wa ku Benin anatsutsa kachitidwe kameneka. Mfundo yake inali yakuti kusonkhanitsa zikhulupiriro za mtundu n'kuzitcha filosofi kumachotsa chinthu chofunika koposa, chomwe ndi munthu woganiza payekha amene angatsutse anzake, iyenso n'kutsutsidwa. Kwasi Wiredu wa ku Ghana anaonetsa njira ina: ankatenga mafunso a choonadi ndi maganizo n'kuwayesa m'chinenero chake cha Akan, kuona ngati akukhalabe mafunso omwewo. Kwathu Didier Kaphagawani wa ku Chancellor College anafufuza mmene Achewa amamvera liwu lakuti munthu, ndipo mu 2018 Grivas Kayange anatulutsa buku lofufuza tanthauzo ndi choonadi pogwiritsa ntchito Chichewa. Anthu amenewa mwambo anaulemekeza poufunsa mafunso ovuta.

Dziko la South Africa ndi malo abwino oonera kusiyana kwa umunthu woganiziridwa ndi umunthu wongotchulidwa. Kuno amati ubuntu, ndipo Desmond Tutu, amene anali mkulu wa mabishopu a Anglican mu mzinda uno, analitchukitsa liwuli padziko lonse. Pa 6 June 1995 Khothi Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linathetsa chilango cha imfa pa mlandu wa Makwanyane, ndipo oweruza ena, monga Yvonne Mokgoro ndi Pius Langa, anatsamira pa ubuntu. Iwo anayenera kufotokoza chifukwa chimene ulemu wa munthu umakhalirabe ngakhale mwa wakupha, pamene anthu ambiri ankafuna kuti chingwe chipitirire. Apo ubuntu unagwira ntchito chifukwa unatsagana ndi zifukwa. Koma mu May 2008, m'dziko lomweli, anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndipo kuno ku Cape Town anthu zikwizikwi anathawira m'misasa monga wa Soetwater. Liwu la ubuntu linalipo m'kamwa mwa aliyense. Chimene chinasowa ndi funso: tikamati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, anzakewo ndani? Kodi wopanda pepala ali m'gululo?

Ifenso tisadzione oyera. M'Chichewa timatha kuloza wina n'kunena kuti "uyu si munthu". Nthawi zambiri timatanthauza kuti ndi woipa mtima. Koma mawu omwewo, akapanda kufunsidwa, amatsegula khomo lakuti gogo wonamiziridwa ufiti agendedwe, kapena wakuba nkhuku aotchedwe ndi gulu. Kodi umunthu ndi chinthu chobadwa nacho chimene palibe angakulande, kapena ndi mphotho ya khalidwe imene mudzi ungapereke n'kulandanso? Yankho la funso limeneli lapulumutsa kapena kutayitsa miyoyo, ndipo mwambi suliyankha.

Kwa onena kuti filosofi ilibe ntchito, ndiwakumbutse za madzi. Chilala chitafika povuta, kuyambira pa 1 February 2018 akuluakulu a mzinda wa Cape Town analamula kuti munthu aliyense azigwiritsa ntchito madzi osapitirira malita 50 patsiku. Akatswiri a madamu anatha kutiuza kuchuluka kwa madzi otsala ku Theewaterskloof. Kagawidwe kake kanali funso la mtundu wina. Muyeso wofanana kwa onse umamveka wachilungamo, mpaka utakumbukira kuti olemera ena anangokumba mijigo kuseri kwa nyumba zawo, pamene anthu a m'zisakasa za ku Khayelitsha anali atakhala zaka akufola pa mpopi umodzi, popanda wolengeza kuti kwagwa tsoka. Kodi kufanana ndi chilungamo n'chimodzi? Funso limenelo linali m'chidebe cha aliyense amene ankasamba ndi theka la ndowa.

Amalawi tili ndi umboni wina wakuti kufunsa kuli ndi mphamvu: boma linkakuopa. Pa nthawi ya chipani chimodzi tinkaloweza ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo palibe ankaloledwa kufunsa kuti kumvera yani, mpaka pati. Ku Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981, ana ankaphunzira Chigiriki, chinenero cha Socrates, amene anaweruzidwa kuti afe mu 399 BC chifukwa cha mafunso ake. M'zaka zomwezo Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mwambo ndi ulemu kwa akulu ndi zimene zinkagwiritsidwa ntchito potseka pakamwa. Amene anakulira m'mbiri yotere ayenera kuchenjera akamva wina akunena kuti kutsutsa si chikhalidwe chathu.

Ena adzati ndikutenga muyeso wa azungu n'kuyezera nzeru za makolo. Ayi. Pabwalo la milandu kwa mfumu, mwambi suthetsa mlandu. Wina amaponya wake, wina amabweza ndi wake, ndipo nduna zimafunsa kuti ndi uti ukugwirizana ndi nkhaniyo, chifukwa chiyani. Makolo omwewo ndi amene anati safunsa anadya phula. Ofuna kusandutsa miyambi kukhala malamulo osagwedezeka ndi amene akusiya njira ya makolo.

Chiboliboli cha Cecil John Rhodes chinachotsedwa pa yunivesite ya Cape Town pa 9 April 2015, ndipo chichokereni pakhala kuitana kwakuti maphunziro amasulidwe ku utsamunda. Kuitanako n'koyenera. Koma tikangochotsa Kant pa ndandanda wa mabuku n'kuikapo miyambi yoti iziombedwa m'manja, tasinthanitsa chiboliboli china ndi chinzake. Ntchito yeniyeni ndi yolemera kuposa pamenepo: kutsutsana m'Chichewa, m'Chixhosa, m'Chiyao, polemba, mayina athu ali pansi pake, za ngongole yathu kwa abale, za malo a mlendo, za kagawidwe ka madzi. Umunthu tiuike pabwalo, uyankhe mafunso ngati wina aliyense. Ngati uli wolimba monga timanenera, sugwa.