MAGAZI A MWANA TINAYEZA, NANGA A PAMALAYA AJA?

Amalawi anzanga, ine kwathu ndi pa Chitakale, ndipo mng'ono wanga anachita kuphedwa. Anthu othyola tiyi ndiwo anamupeza m'mamawa ali kwala m'ngalande, mutu utaphwanyidwa, njinga yake palibe. Apolisi anabwera, nalemba, natenga malaya ake a magazi n'kuika m'jumbo. Kuyambira tsiku limenelo yankho lawo ndi limodzi: "Tikufufuzabe, bambo."

Tsiku lometa kunabwera mayi wina ndi kamnyamata ka zaka zisanu, nati mwanayu ngwa malemu. Abale amene kupolisi sanapondeko ndi kamodzi komwe anadzuka ngati njuchi. Kuno kwathu n'kwa chikamwini, mwana ngwa kuchikazi, ndipo kale achimuna nkhani ya magazi sinkawasowetsa tulo. Koma lamulo la chuma cha masiye la 2011 limapatsa gawo mwana aliyense wa malemu, wa m'banja kaya wa kunjira. Apa panali nyumba ya malata ndi ndalama za kuntchito. Tinasonkha ndalama, ine ndemwe ndinasonkha nawo, tinapeza loya, ndipo anayerekeza DNA ya mwanayo ndi ya amayi athu. Zotsatira zinabwera: mwana ngwathu. Ndinachita manyazi, pakuti makutu ake aja anali atanena kale.

Tsono funso langa nali. Ngati nzeru za DNA zikutha kuloza bambo amene ali m'manda, zikulephera bwanji kuloza chigawenga chimene chikuyenda ndi miyendo iwiri? Nditakafunsa za malaya aja, wina anati ali kusitolo, wina anati amene ankasunga makiyi anasamutsidwa. Jumbo ija sindinaionenso.

Inu amene munabwerera kuchoka ku Lusaka, ku Harare ndi ku Dar es Salaam, nyimbo imeneyi mukuidziwa. Mu May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anapezeka atafa pa msewu wa ku Thambani ku Mwanza, ndipo tinauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Matipate atabwera, komiti ya a Jasitisi Mtegha inapeza kuti anachita kuphedwa. Mu December 1995 khoti linamasula a Kamuzu Banda, a John Tembo ndi anzawo. Amasiye anabwerera kwawo chimanjamanja.

Tinkati zimenezo n'za chipani chimodzi. Nanga Robert Chasowa, mwana wa sukulu wa pa Polytechnic? Anapezeka atafa pa 24 September 2011, apolisi nati wadzipha yekha. Komiti yofufuza ya 2012 inati anaphedwa. Zaka khumi zinakwana popanda munthu wopezeka wolakwa. Nanga a Issa Njauju a ku bungwe lothana ndi katangale la ACB, amene mtembo wawo unapezeka utakwiriridwa ku Lilongwe mu July 2015, galimoto lawo litatenthedwa? Ngati mayina akuluakulu ngati amenewa amathera m'mafayelo a fumbi, mlonda wa pa Chitakale angawerengedwe ndi ndani?

Boma likalephera kugwira wakupha, mkwiyo wa ofedwa susowa pogwera. Umagwera pa wamasiye, pa mlamu, pa kamwana kosalakwa. Ife tinazenga mlandu mwana wa zaka zisanu chifukwa ndiye yekha amene tikanatha kumugwira.

Kwa aphungu athu ndikuti: kakamizani boma kuti chovala chilichonse cha wophedwa chizilembedwa nambala, banja lizipatsidwa risiti, chiziyezedwa ndi ndalama za misonkho yathu, ndipo wotaya umboni aziyankha mlandu. Kwa abale anzanga ofedwa ndikuti: ndalama zimene mukusonkhera kukana mwana, sonkherani loya woti akagogode kupolisi.

Mnyamata uja tsopano amabwera kwa agogo ake patchuthi. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Bambo aakulu, anapha adadi ndani?" Akuluakulu anati mlandu suola. Ine ndikufuna malaya aja.