Mwana Akasintha Mtima, Mfunseni

Bungwe la WHO, loyang'anira zaumoyo pa dziko lonse, linena kuti anthu oposa 720,000 amadzipha caka ciri conse, ndi kuti mu 2021 kudzipha kunali pa nambala yacitatu pa zinthu zopha anthu a zaka 15 kufikira 29. Awa ndiwo anyamata ndi atsikana amene mtundu uyembekeza kuti adzalime minda ndi kusunga nkhalamba.

Nkwacibadwa wacinyamata kukondwa m'mawa ndi kukwiya madzulo. Koma cisoni cikapitirira milungu iwiri, mwana naleka kugona, kudya ndi kuceza ndi anzace, kapena akayamba kunena kuti ali mtolo kwa abale, pamenepo pali ngozi. Coopsanso ndico mwana wovutika masiku ambiri kukhala phee mwadzidzidzi, nagawira anzace katundu wace. Makolo ambiri amayesa kuti wacira, pamene iye ali kutsazika.

Kawirikawiri timati ndi mwano, ulesi kapena ufiti, ndipo timatenga mkwapulo. Ife tikuti: yambani mwamfunsa. Mfunseni mosabisa ngati aganiza zodzipha. Madokotala atsimikiza kuti funso lotere siliika maganizowo mu mtima mwace, koma limampatsa mpata wotula nkhawa.

Maganizo odzipha amafika mwamphamvu ndipo kambiri satenga nthawi kuti acepe. Cifukwa cace mwana wotere asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala a thonje ndi a m'dimba atsekeredwe ndi loko. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa a mbeu, WHO iwerengera kuti miyoyo 93,000 inapulumuka pakati pa 1995 ndi 2015. Alimi a ku Cipata, Katete ndi Petauke amve zimenezi.

Lamulo la matenda a maganizo la mu 2019 linalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda, ndipo liteteza ulemu wa odwala. Koma cipatala ca Chainama ciri ku Lusaka, kutali ndi midzi yambiri. Tipempha Unduna wa Zaumoyo kuti uphunzitse anamwino a m'zipatala zazing'ono za kumidzi kuzindikira matendawa. Aphunzitsi, mafumu ndi akulu a mipingo nawonso acenjere, makamaka pa nthawi ya zotsatira za mayeso.

Mwana wosautsidwa angathe kuimba lamya kwaulere pa nambala 116. Amene mwaona zizindikiro, mperekezeni ku cipatala lero lomwe, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.