Chenjezo kwa okonda magemu akale: musalipire musanaone m'kati

Anzanga okonda magemu akale, imani kaye. Musanatumize ndalama kwa munthu amene wangokuonetsani chithunzi cha katiriji pa Facebook kapena pa eBay, ndiloleni ndikutsineni khutu. Akukuberani, ndipo nyambo yake ndi ubwana wanu womwe.

Ndine mmodzi wa inu. Ndasewera ndi kusunga magemu amenewa kwa zaka zambiri, ndipo mpaka lero nyimbo ya Super Mario Bros. ikalira, mtima wanga umadumpha. Ogulitsa akudziwa zimenezi. Akudziwa kuti ana aja ankapanikizana pa TV imodzi kudikirira kontrola, lero ndi abambo ndi amayi olandira malipiro. Akudziwanso kuti mukaona Sonic kapena Street Fighter II simufunsa mafunso ambiri.

Yambani kufunsa.

Choyamba n'chakuti musatengeke ndi mitengo ya m'nyuzipepala. Mu Julaye 2020 katiriji ya Super Mario Bros. yosatsegulidwa inagulidwa madola 114,000 ku America. Patangotha chaka, mu Julaye 2021, The Legend of Zelda inapita pa madola 870,000 kumsika wa Heritage Auctions, ndipo masiku awiri otsatira Super Mario 64 inagulidwa madola 1.56 miliyoni pamsika womwewo. Mu Ogasiti Super Mario Bros. ina inafika madola 2 miliyoni.

Taganizani bwino. Super Mario 64 inatuluka mu 1996 ndipo inagulidwa makope oposa 11 miliyoni. Gemu imeneyi siyosowa ngakhale pang'ono. Chimene ankalipirira anthu aja ndi pulasitiki yosang'ambidwa, komanso nambala imene kampani yoyesa magemu ya Wata inalemba pabokosi loonekera m'kati. Mu 2022 osonkhanitsa ena anaisumira kampaniyo kukhothi ku America, ponena kuti mitengo inkakwezedwa mwadala. Mlandu ndi wa akhothi, koma chimene tonse tinaona n'chakuti mitengo ya magemu otsekeredwa m'mabokosi inagwa kwambiri pambuyo pake. Amene anagula pamwamba anatsala ndi bokosi m'manja.

Choncho munthu akakuuzani kuti gulani lero, mawa ikwera, mutalikireni. Gemu si munda, siibereka. Ine zimandiwawa kuona katiriji itamatidwa m'bokosi loti silidzatsegulidwanso, chifukwa anthu anatuluka thukuta kuti mwana aisewere. Koma vuto lalikulu kwa inu ndi ine ndi lakuti phokoso la mamiliyoni lija linadzutsa akamberembere. Aliyense wokhala ndi katiriji yong'ambika lebulo tsopano akuitchula mtengo wa mbuzi.

Ndipo zambiri mwa izo ndi zafeki.

Magemu a Pokémon a Game Boy Advance ndiwo akhudzidwa kwambiri: Ruby, Sapphire, Emerald, FireRed ndi LeafGreen. Kunja kwake amaoneka bwino, lebulo yonyezimira, dzina la Nintendo lili pamalo pake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mumasewera milungu ingapo, mwagwira zilombo zanu, mwafika patali, kenako tsiku lina mukayatsa mupeza zonse zafufutika. Wogulitsa uja foni sakuyankhanso.

Dzitetezeni motere. Pendeketsani katiriji pakuwala ndipo yang'anani lebulo. Yeniyeni imakhala ndi manambala ang'onoang'ono odindidwa mokanikiza papepalapo, oti chala chimawamva. Suzumirani kumunsi, pamwamba pa timano tagolide: pabolodi payenera kuoneka dzina la Nintendo lolembedwa bwinobwino, zilembo zosapindika.

Mukatero musakhutire. Uzani wogulitsa atsegule. Katiriji ya Game Boy Advance imamangidwa ndi screw imodzi ya nsonga zitatu, ndipo chomasulira chake n'chotsika mtengo. Mukapeza dontho lakuda looma ngati phula pabolodi ya Pokémon, bwezani. Mukapeza batire m'kati mwa FireRed kapena LeafGreen, bwezaninso, pakuti zenizeni zilibe batire. Ruby, Sapphire ndi Emerald ndizo zili nalo, loyendetsa wotchi ya m'gemu.

Makatiriji a NES, Super Nintendo ndi Nintendo 64 nawonso amatsegulidwa, ambiri ndi chomasulira cha 3.8mm. Wogulitsa woona sakana kukutumizirani chithunzi cha bolodi. Akayamba kuti alibe nthawi, kapena kuti pali wina akuifuna madzulo ano, mwamugwira. Sungani ndalama zanu.

Pali bodza lina lotikhudza ifeyo makamaka. Ambiri a ife kumwera kwa Africa kuno sitinakulire pa Nintendo yeniyeni. Tinakulira pa makina otengera Famicom, imene inatuluka ku Japan mu 1983, aja a makatiriji achikasu olembedwa kuti muli magemu masauzande pomwe ndi magemu ochepa obwerezabwereza. Ku South Africa ankadziwika kwambiri ndi dzina la Golden China, ku Russia Dendy. Sindikuwanyoza. Ndiwo anatiphunzitsa Contra, Duck Hunt ndi akasinja a Battle City, ndipo woti ali nawo awasunge mwaulemu. Koma wina asakugulitseni makina amenewa pamtengo wa Nintendo ponena kuti ndi orijino. Ngati pamakinapo palibe dzina la Nintendo ndi nambala yake pansi, si Nintendo.

Samalaninso ndi timakina tating'ono tatsopano. NES Classic yeniyeni ya 2016 ili ndi magemu 30. Super NES Classic ya 2017 ili ndi 21. Mega Drive Mini ya 2019 ili ndi 42. Bokosi likanena kuti muli magemu 620, limenelo silinachokere kwa eni ake, ngakhale lifanane chotani.

Tsopano mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene pamapsa ndalama zambiri, ndipo pamapsa m'kuphethira kwa diso.

Magetsi athu ndi a 230V, chimodzimodzi ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain. Ku Japan ndi 100V, ku America 120V. PlayStation yoyamba, Sega Saturn ndi Dreamcast zili ndi chosinthira magetsi m'kati mwake. Mukatenga ya ku Japan kapena ya ku America n'kuilumikiza kukhoma kuno, mungomva phuu, kenako fungo. Kachida kosinthira mano a pulagi sikachepetsa mphamvu ya magetsi, kamangothandiza kuti pulagi ilowe. Werengani zolembedwa pansi pa makina musanalumikize. Mukaona 100V kapena 120V, mufunika thiransifoma yotsitsa magetsi.

Inu achibale amene muli kunja ndipo mukufuna kutumizira ana kumudzi, gulani makina a PAL, aja ogulitsidwa ku Britain ndi ku South Africa. Zoona, Sonic wa PAL amathamanga mochedwerako poyerekeza ndi wa ku Japan, ndipo ife okonda gemu timadandaula nazo. Koma amagwirizana ndi magetsi athu. Kumbukiraninso kuti Super Nintendo ya PAL imakana katiriji ya ku America. Koma Game Boy siisankha dera.

Musasinthanitse ma adaputa chifukwa choti kamutu kakulowa. Adaputa ya NES imatulutsa magetsi a AC. Famicom ndi Mega Drive zimafuna DC. Mukalumikiza adaputa ya NES ku Famicom, mwaiotcha. Ngakhale pakati pa ma adaputa a DC, ena mphamvu imadutsa pakati pa kamutu, ena m'mbali. Lembani dzina la makina pa adaputa iliyonse lero lomwe. Ndipo magetsi akazima, zulani pulagi, chifukwa pobwera amabwera ndi ukali umene makina a zaka zoposa 30 sangaupirire.

Mwina mukuti ine sindigula chilichonse, zanga zili phee m'kabati. Inuyo ndiye ndikukuderani nkhawa kwambiri. Zinthu zanu zikuwonongeka muli chigonere.

Pitani mukatsegule Game Boy ija. Ngati munasiyamo mabatire anayi aja, n'kutheka kuti atulutsa kale ufa woyera umene ukudya zitsulo. Game Gear imatenga asanu ndi limodzi, ndipo ili ndi nthenda inanso: makapasita ake amaola, mawu n'kuyamba kuchepa, chithunzi n'kuzirala. Chotsani mabatire m'chilichonse chimene simukuseweretsa, kuphatikizapo makontrola.

Ngati muli ndi Xbox yoyamba ya 2001, fulumirani. M'kati mwake muli kapasita yosunga nthawi imene imadontha madzi owononga bolodi, ngakhale makinawo asakuyatsidwa. Pitani nayo kwa wokonza zamagetsi amene mumamukhulupirira kuti aichotse ndi kupukuta pamalopo. Mitundu yoyambirira imagwira ntchito bwinobwino popanda kapasita imeneyi, kungoti imafunsa tsiku ndi nthawi mukaizula kumagetsi. Mtundu womaliza, wa 1.6, ndi wosiyana: umenewo suyaka popanda kapasitayo, choncho wokonzayo atsimikize kaye mtundu wake.

Makatiriji ambiri akale amasunga pamene munafika podalira kabatire kozungulira kamene kali m'kati. The Legend of Zelda, Super Mario World, Pokémon Red ndi Blue, zonsezi zili choncho. Pokémon Gold ndi Silver zimamaliza batire msanga chifukwa wotchi yake imayenda usana ndi usiku. Batire likafa, zonse zimene munasunga muli mwana zimapita nalo. Ngakhale pochotsa lakale kuti muike latsopano zimafufutika. Ngati zanu zikadalipo, pali tizida tokopera zosungidwazo pa kompyuta. Koperani kaye, kenako sinthani. Gulani batire lokhala kale ndi timiyendo towotcherera. Musawotcherere pabatire penipeni, lingakuphulikireni kumaso, ndipo mabatire amenewa asapezeke pamene pafika ana aang'ono, chifukwa mwana akameza amapsa m'kati.

Siyani kuuzira katiriji ndi pakamwa. Ndikudziwa, tonse tinakula tikutero ndipo tinkakhulupirira kuti zimathandiza. Chimene chinkathandiza ndi kuizula n'kuilowetsanso. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi, ndipo chinyezi chimachititsa dzimbiri pa timano. Tengani kathonje, kanyowetseni pang'ono ndi isopropyl, pukutani timano tokha, dikirani paume. Nyengo ya mvula musasiye makatoni a magemu pansi pasimenti kapena mogundana ndi khoma. Nkhungu ndi chiswe sizidziwa kuti bokosi ndi la 1992.

Za TV zakale za chimsana zija: zisungeni, musataye. Mfuti ya Duck Hunt sigwira pa TV zopyapyala zamakono, ndipo magemu akale amaoneka bwino pagalasi limene anawapangira. Koma musaitsegule nokha. M'kati mwake mumatsala magetsi amphamvu kwambiri ngakhale mutazula pulagi, ndipo akhoza kukuvulazani koopsa. Imeneyo ndi ntchito ya amisiri.

Ngati chimene mukufuna ndi kungosewera, simuyenera kudzipha ndi mitengo. Nintendo Switch Online ili ndi magemu ambiri a NES, Super Nintendo ndi Game Boy, movomerezeka. Katiriji yopanda bokosi, yokalika pang'ono koma yeniyeni, imasewera mofanana ndendende ndi ija ya madola miliyoni. Ine ndimasankha imeneyo nthawi zonse, ngakhale yolembedwa dzina la mwana wina kumbuyo.

Pogula, lipirani m'njira yoti mutha kubwezeredwa ndalama katundu akapezeka wabodza. Musatumize ndalama pafoni kwa munthu amene simunamuonepo. Ngati ali m'tauni mwanu, kumanani masana pamalo pa anthu, ndipo makinawo ayatsidwe inu mukuona. Yesani batani lililonse. Sungani gemu, zimitsani, yatsaninso, muone ngati yasungadi. Tengani mnzanu wodziwa, ndipo mukapeza wogulitsa zafeki, chenjezani anzanu m'magulu anu asanagwire wina.